Kodi ungakhale wa chipani koma osagwirizana nacho pa zinthu zambiri?

Mnyamata wa ku Machinjiri:

Abale ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandisowetsa mtendere kuyambira Lamulungu. Ine kwathu ndi ku Thyolo koma ndakulira konkuno ku Machinjiri. Banja lathu lonse ndi la DPP kuyambira nthawi ya Bingu, mayi anga chitenje chawo cha buluu amachisunga mu sutikesi imodzi ndi yunifomu ya Mvano, ndipo ndimawamvetsa chifukwa 2005 kunali njala yoopsa, makuponi a fetelaiza atabwera nkhokwe inadzadza ndiye iwo zimenezo sangaiwale. Nanenso ndakhala ndikuvotera komweko.

Tsono Lamulungu tinali kwa malume ku Bangwe, tikudya ndinangoti ndalama zimene timathira ku sabuside chaka ndi chaka bwenzi zina tikuika ku ulimi wothirira, madzi a Shire akungopita ku Zambezi ife tikudikira mvula. Ndinanenanso kuti khoti linachita bwino kufafaniza zisankho za 2019 zija, komanso kuti atsikana a ku sekondale aziuzidwa za kulera poyera chifukwa ndaona anzanga angapo sukulu inathera pa mimba. Malume anasiya mbamu m'mbale, anasamba m'manja nsima isanathe nkundifunsa kuti "ndiye walowa Kongeresi eti?" Mpaka pano sakuyankha mauthenga anga pa WhatsApp.

Ine sindinalowe kwina kulikonse. Koma funso langa ndi loti, ngati maganizo anga pa zachuma ndi pa za chikhalidwe akusiyana ndi a anthu a chipani changa, ndidakali wa chipanicho? Kapena ndikungodzinamiza?

Madala a ku Zingwangwa:

Mwana wanga, ine ndinaima pa mzere pa 14 June 1993 kuvotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, pa referendamu, ndiye zipanizi ndaziona zikubadwa. Mu 1994 zinaonekeratu, Muluzi anakolola kummwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto. Sikuti anthu a ku Rumphi onse anawerenga manifesito a AFORD nkugwirizana nawo ayi, anavotera mwana wa kwawo, ndipo ifenso kuno tinachita chimodzimodzi.

Tatenga nkhani ya fetelaiza yomwe wakanganirana ndi malume akoyo. Muluzi anali ndi sitata paki. Bingu anabweretsa makuponi. Chakwera atalowa mu 2020 anabweretsa AIP, thumba K4,495. Zipani zitatu, mfundo imodzi, dzina lokha ndi lomwe limasintha. Kugwetsa kwacha nakonso, Bingu anakana mpaka mafuta anasowa, Joyce Banda anaigwetsa mu May 2012, boma la MCP linaigwetsa ndi 25% mu 2022 kenako 44% mu November 2023. Akakhala kotsutsa amati kugwetsa kwacha nkupha amphawi, akalowa m'boma a IMF akabwera amasaina. Ndiye ukamati maganizo a chipani pa zachuma ukunena ati? Ine zaka zonsezi sindinawaone, ndipo zimandiwawa chifukwa sizimene tinkaimira pa dzuwa tsiku lija.

Komanso eni zipaniwo amasamuka. Bingu analowa m'boma pa tikiti ya UDF mu 2004, chaka chotsatira anatuluka nkuyambitsa DPP. Joyce Banda anachoka ku DPP nkukhala ndi PP. Malemu Chilima anatuluka mu 2018 nkuyambitsa UTM. Iwe sunasamuke nkomwe, wangolankhula zomwe ukuona. Malume akowo upite nawo bwino, akupweteka mtima chifukwa kwa iwo chipani ndi mtundu, akuona ngati wakana kwanu.

AnaBanda wa kaunjika, Limbe:

Madala mwanena zoona koma pena mwapeputsa. Kwa ife amayi chipani si pepala la manifesito, ndi anthu. Mwamuna wanga atamwalira amayi a chipani chomwe ndinalimo ndi omwe anagona pa siwa masiku awiri, anasonkha ufa, nkhuni, ena anapita nawo mpaka kumudzi. Ndiye munthu akamakakamira chipani musamuone ngati wopusa, pali zomwe akukumbukira.

Koma ine ndinasiya kuvina, sinditchula chipani chake. Tsiku lina anatitenga pa lole mamawa, tinavina kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka osadya kanthu, mabwana atanyamuka lole ija osabweranso, tinayenda wapansi usiku ine mwana kumbuyo, chitenje chonse fumbi lokhalokha. Tsiku limenelo benchi yanga inali yotseka, sindinagulitse olo bulauzi imodzi. Ndinafika kunyumba nkudzifunsa kuti kodi ana angawa adya nyimbo?

Pano ndimavota mogawa, pulezidenti kwina, MP kwina, khansala ndimayang'ana amene ndimamuona pa maliro ndi pa nkhani ya zinyalala za mumsika. Pa 16 September 2025 ndinapanga choncho ndipo palibe anandiona m'kachipinda muja. Chomwe ndimayang'ana ine ndi dola, chifukwa belo la kaunjika limatsatira dola, ikasowa ku banki mwenye amakweza ndipo kasitomala wanga wa ku Bangwe sangagule diresi pa mtengo umenewo.

Za kulera kwa ana asukuluzo achimwene, pamenepo sindigwirizana nanu, ine ndimaona kuti ndi udindo wa makolo ndi alangizi a ku mpingo. Koma taonani, maganizo amenewo sindinawatenge ku chipani, ndinawatenga kwa mayi anga ndi ku tchalitchi. Mu chipani chilichonse muli a CCAP, Akatolika, Asilamu, a pente, ndiye pa nkhani ngati zimenezi simudzapeza onse akuyankhula chimodzi.

Jah B wa pa Ndirande:

Aise ine ndikuuza mosabisa, usatuluke. Vuto la ife achinyamata ophunzirako ndi loti tikangokhumudwa timathawira pa Facebook kumalemba kuti zipani zonse ndi chimodzimodzi, nde ku msonkhano wa nthambi kumatsala anthu oombera m'manja chilichonse, mapulaimale akafika akuluakulu amangotiikira munthu wawo, ndi chifukwa chake ma independent amachuluka ku Nyumba ya Malamulo chisankho chilichonse. Khala momwemo uzilankhula. Za khotizo sukulakwa, chigamulo cha pa 3 February 2020 ndi chomwe chinakhazikitsa 50+1, zoti pulezidenti aziwina ndi mavoti opitirira theka, ndipo lamulo lomwelo ndi lomwe Peter Mutharika wawinira nalo mu 2025. Linathandiza onse.

Koma pa sabuside mani ukuyankhula ngati wa m'tauni. Kwanu ku Thyolo malo abwino ndi a tiyi, agogo ako ali ndi kamunda ka pa phiri kosakwana ekala, nthaka inatha kalekale, opanda thumba la fetelaiza sakolola olo matumba atatu. Ulimi wothirira wa ku Chikwawa uwafikira liti iwowo? Nzoona pulogalamuyi ili ndi mavuto, fetelaiza kufika mochedwa chimanga chitafika m'mawondo, mavenda kugula makuponi kwa anthu ovutika, koma ukaichotsa lero wavulaza mayi ako omwe. Mwina malume anapsa mtima ndi zimenezo osati za khoti.

Mnyamata wa ku Machinjiri:

Zikomo nonse. Jah B pa kamunda ka agogo wandigwira, ndi momwemodi, kali pa mtsetse ndipo chaka chatha ndinawatumizira ndine ndalama ya thumba lachiwiri. Sindinanene kuti aichotse lero koma mwina ndi momwe zinamvekera pa mkeka paja. Za ulimi wothirira sindisintha, Freddy atatikokolola mu 2023 kenako ng'amba ya 2024 ndinaona kuti fetelaiza payekha satipulumutsa. AnaBanda za kulera tidzakambirana tsiku lina, ndili ndi nkhani ya mchemwali wanga yomwe sindingalembe pano.

Loweruka ndikwera minibasi ya ku Bangwe ndikawaone malume, ndiwagulira shuga ndi buledi. Madala, kodi ndikayambe ndi kupepesa kuti ndinayankhula pa chakudya, kapena ndikangokhala kaye ndione ngati aiyambitse okha?