Gulu la banja: kemo yachitatu ya Amayi

Lamlungu

Akulu (Kabwata), 19:42
Madzulo abwino nonse. Amalume, pepani kuti ndalemba pano m'malo mokuimbirani, ndafuna tonse timve chimodzi. Amayi abwerera ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa kuno ku Lusaka, Lachinayi likubwerali kukalandira kemo yachitatu, mankhwala aja a m'dilipu olimbana ndi khansa yawo ya bere. Lachitatu m'mawa akayezetsa kaye magazi, chifukwa adokotala saika dilipu asanaone kuti magazi ali bwino. Anatiuza kuti zonse zikhala 6, ndipo pakati pake pamadutsa milungu itatu. Ziwiri zapita, zatsala 4. Zikatha m'pamene akambe za opaleshoni ya bere.

Akulu (Kabwata), 19:47
China ndinene poyera. Masiku anga a tchuthi kuntchito atha. Ulendo wathawu ndinagona pansi pafupi ndi bedi lawo mausiku atatu, beseni lili pambali, m'mawa n'kupita kuntchito maso ali psuu. Sindikudandaula, ndi amayi anga. Koma ndekha sindifika nawo kumapeto.

Amayi aang'ono (Matero), 19:55
Mwanawe, unakhaliranji chete nthawi yonseyi? Ine ndikafunsa umangoti tili bwino, tili bwino.

Mlongo (Kitwe), 20:03
Akulu, pepani. Ife tinkangotumiza ndalama n'kumaona ngati tathandiza.

Amalume (Katete), 20:31
Ndawerenga, ana anga. Inenso ndili ndi mawu, mundimvere bwino. Chithunzi chija munatumiza Lachisanu ndachiyang'ana kambirimbiri. Mlongo wanga anachoka kuno akuyenda yekha, akusenza chidebe cha madzi. Chotupa chinalipo, inde, koma ankadya, ankalima. Lero mutu uli mbee, tsitsi lonse lapita, masaya alowa. Kodi mankhwala ochiritsa amatero? Kuno anthu akundifunsa kuti mwinimbumba uli pati pamene mlongo wako akutha. Kuli munthu wa Mulungu kufupi ndi kuno, ena akuti anawathandiza. Wanena kuti abwere, asale kudya masiku atatu, amwe madzi amene iye wapempherera, za m'chipatalazo aziimike kaye. Ine maganizo anga ndi akuti Nabanda abwere kumudzi.

Mng'ono (Chelstone), 20:33
Amalume, ayi. Zimenezo ayi.

Amayi aang'ono (Matero), 20:35
Iwe, dekha. Amalume ako sakulankhula mwa nkhanza, akulankhula mwa mantha. Nanenso tsiku limene ndinaona tsitsi lili pa pilo ndinakalirira kubafa kuti mkulu wanga asandione.

Alamu (Kitwe), 20:58
Amalume, ndiloleni ndiyankhepo monga mkamwana wanu komanso monga namwino, ngati ndalakwitsa mundikhululukire. Zimene mwaona pa chithunzi n'zoona, ndipo n'zowawa kuziona. Koma gwero lake ndi ili. Khansa ndi maselo amene amachulukana mofulumira mopanda malire. Mankhwala a kemo amapha maselo ochulukana mofulumirawo, koma podutsa amakhudzanso ena abwinobwino amene nawonso amakula msanga: a tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafupa momwe magazi amapangidwa. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, munthu amachita nseru. Tsitsilo limameranso mankhwala akatha. Chimene sichidikira ndi chotupa. Mukaimika kemo pakati, maselo amene anatsala amapeza mpata wochulukananso, ndipo akhoza kufalikira m'mapapo, m'chiwindi kapena m'mafupa. Pamenepo ntchito imakula kuposa poyamba.

Alamu (Kitwe), 21:02
Za kusala kudya ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse, apongozi asayese. Thupi lawo likufuna chakudya ndi madzi ambiri kuti magazi abwerere. Akafooka, Lachitatu magazi akapezeka otsika, adokotala awabweza kuti adikire sabata ina. Ndipo mizu kapena masamba alionse, ngakhale amene anthu amatama pa Facebook, tisawapatse tisanafunse adokotala, chifukwa ena amalimbana ndi mankhwala m'chiwindi.

Akulu (Kabwata), 21:10
Amalume, pali chimene sindinakuuzeni chifukwa ndinkaopa kufulumira kukondwa. Ulendo wachiwiri adokotala anayeza chotupa chija n'kunena kuti chayamba kuchepa. Amayi okha akuti akachikhudza sichili gwa ngati kale. Kumbukiraninso kuti amene anatitumiza kuno ndi a ku chipatala cha St Francis konko ku Katete, atadula kanyama n'kukayeza. Sitinangothamangira ku Lusaka mwa ife tokha.

Amalume (Katete), 21:26
Nanga Mulungu mwamuika pati pa zonsezi?

Amayi aang'ono (Matero), 21:40
Achimwene, Mulungu sitinamusiye pa geti la chipatala. M'chipinda chija cha madilipu ndinakhalamo ulendo woyamba. Anthu ali pa mipando, wina wachokera ku Mongu, wina ku Kasama, wina ku Chipata, aliyense ndi botolo lake likudontha. Mayi wina wachi Bemba anayamba nyimbo chapansipansi, mkulu wanga n'kuilandira m'Chinyanja, nyimbo yake imodzimodziyo. Namwino amene ankafufuza mtsempha pa dzanja lawo nayenso ankang'ung'udza nawo. Ine pamenepo ndinaona kuti Mulungu ali pomwepo. Nzeru za madokotalawa anawapatsa ndani? Ngati ndi kusala, tisale ife amene tili ndi mphamvu. Ine ndiyamba Lachitatu mpaka dilipu itatha Lachinayi. Wodwala adye.

Mlongo (Kitwe), 21:43
Ine ndi alamu anu tisala nawo.

Mng'ono (Chelstone), 21:44
Nanenso. Amalume, pepani ndinayankha mothamanga.

Amalume (Katete), 22:05
Ndamva. Ndigone nazo.

Lolemba

Mdzukulu (Kabwata), 06:50
Mwadzuka bwanji nonse. Agogo anamva amayi akuwerenga mauthenga usiku, ndiye akuti ndilembe mawu awo ndendende, ndisachotsepo kanthu. Akuti: "Achimwene, musandilire ndili moyo. Tsitsi si munthu. Mankhwalawa ndi owawa, sindikubisirani, masiku atatu oyamba ndimafuna kungotembenukira kukhoma. Koma ndinayamba ndi pemphero ndipo ndimaliza ndi pemphero, pano pomwe. Kumudzi ndibwera ndikamaliza. Ngati mukufuna kundithandiza, mundisamalire munda. Mvula ikubwera, mbewu ya mtedza ili m'thumba kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, mbewa zisaithe. Ndipo mubwere ndidzakuoneni, musamangondionera pa foni."

Mdzukulu (Kabwata), 06:52
Akutinso mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere.

Amalume (Katete), 07:30
Mlongo wanga walankhula, ine ndinganenenso chiyani. Munthu uja ndimuuza kuti atipempherere ali komweko. Munda ndi wanga tsopano, mizere tiyamba sabata ino ndi anyamata. Koma ana inu mundilonjeze kuti simudzandibisiranso kanthu, chabwino kapena choipa.

Akulu (Kabwata), 07:34
Talonjeza, amalume. Zikomo kwambiri.

Akulu (Kabwata), 12:48
Tsopano tigawane ntchito ndisanabwerere mu ofesi. Lachitatu pakufunika wowaperekeza kukayezetsa magazi. Pamafunika kulawirira, anthu amachuluka chifukwa chipatalachi chimalandira odwala ochokera m'zigawo zonse za Zambia.

Mng'ono (Chelstone), 12:55
Lachitatu ndi langa. Ndifika pa Kabwata 05:30, msewu usanadzaze. Lachinayi ndiwatula m'mawa, koma pobwerera ndidzakhala kuntchito, muitane takisi ya Yango. Minibasi ayi, amathithikana ndipo wina amakhosomolera pamutu pako.

Amayi aang'ono (Matero), 13:06
Lachinayi ndikhala nawo ine mpaka botolo lomaliza. Ndipo ndidzabwera ndi chikwama changa, ndigona ku Kabwata mpaka Lolemba. Iwe Naphiri ukagone kuchipinda kwa ana, chitseko utseke, usadzuke ngakhale umve beseni likulira. Pa msika ndasiya mtsikana wondigulitsira.

Akulu (Kabwata), 13:09
Mayi, mwandiliza muno mu ofesi.

Alamu (Kitwe), 13:40
Ine ndapempha masiku, ndibwera pa kemo yachinayi ndikhale sabata yathunthu. Pakali pano ndisiye izi kwa amene mukhale nawo. Masiku a kusanza ndi ovuta kuwaona, koma oopsa kwenikweni ndi a sabata yachiwiri, kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chilandirireni kemo. Nthawi imeneyo asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri, munthu amaoneka ngati wapeza bwino koma kachimfine wamba kakhoza kumugwetsa. Themometa ikhale pafupi. Thupi likatentha kufika 38, kapena akayamba kunjenjemera, musadikire kuti kuche ndipo musayambe mwawapatsa Panado kuti muone ngati kutsike, chifukwa amabisa kutenthako. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, munyamule kabuku kawo, mukanene pakhomo pomwe kuti ali pa kemo.

Alamu (Kitwe), 13:46
Mankhwala oletsa kusanza amwe pa nthawi imene analembedwa, osadikira kuti nseru iyambe. Madzi akumwa mudziwiritsa kapena kuthira klorini, tonse tikukumbukira kolera ya mu Januwale 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Zipatso zikhale zosenda, monga nthochi ndi papaya. M'kamwa azichukucha ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono, kangapo pa tsiku.

Amayi aang'ono (Matero), 14:02
Za chakudya ndaphunzirapo kale. Fungo la mafuta okazinga ndi limene limawadwalitsa, tsiku lija kapenta ali pamoto anathawira panja. Ndiziphikira kuseri pa mbaula. Phala la nsinjiro lopyapyala amalandira, masipuni asanu, kupuma, kenaka ena asanu. Nsima yaing'ono ndi therere imatsika bwino chifukwa siikanda zilonda za m'kamwa. Akuti nyama ikumveka ngati chitsulo pa lilime, koma msuzi wa nkhuku ya kumudzi anamwa kapu yathunthu.

Amalume (Katete), 14:30
Nkhuku zili pano zambiri. Ndibweretsa ziwiri, ndi mtedza, ndi ufa woyera wa chimanga chake chomwe.

Akulu (Kabwata), 17:58
Nkhani ina yovutirapo ndi ya alendo. Amayi a Chigwirizano a mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia (RCZ) akhala nafe chiyambire, sabata yatha anabwera khumi ndi awiri, anadzaza pabalaza, anaimba mpaka amayi anaiwala kuti akudwala. Ndiwabweza bwanji anthu otere?

Amayi aang'ono (Matero), 18:15
Sitiwabweza, tiwafotokozera. Ndilankhula ndi amayi abusa mawa. Sabata yachiwiri azibwera awiriawiri, akhale pakhonde pamene pali mphepo, asambe m'manja, wa chifuwa atsale kunyumba atipempherere komweko. Sabata yachitatu, mphamvu zikabwerera, abwere onse ndi nyimbo zawo. Ndipemphanso abusa adzawapatse Mgonero kunyumba, akhala akuufuna chichokereni kumudzi.

Mdzukulu (Kabwata), 18:20
Agogo akuti duku loyera la Chigwirizano ndilo likuwakhala bwino kuposa wigi imene anagula amalume a ku Chelstone. Akuti wigiyo ikuyabwa ndi kutentha kwa Okutobala kuno.

Mng'ono (Chelstone), 18:22
Aisunge, adzavala pa ukwati wanga.

Mlongo (Kitwe), 19:10
Za ndalama tisasiye m'malere. Khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA likuthandiza, koma zoyendera, chakudya, malasha ndi mankhwala ena ogula ku famase zonse zakhala zikutuluka m'thumba la akulu. Ine ndiziika K1,500 pa kemo iliyonse. Aliyense anene zimene angathe, ngakhale K100, pasakhale wochita manyazi. Tizitumiza pa Airtel Money ya mng'ono wathu, iye azilemba m'kabuku n'kujambula tsamba lake pano mwezi ukatha.

Mng'ono (Chelstone), 19:14
Ndavomera. Ine K800 ndi mafuta a galimoto.

Amayi aang'ono (Matero), 19:20
Ine ndalama ndilibe zambiri, ndiwo zamasamba ndi tomato zonse zizichokera pa tebulo langa.

Alamu (Kitwe), 19:35
Chomaliza kwa ife akazi a m'banja muno. Apongozi anakhala ndi chotupa chija miyezi ingapo osanena, poti sichinkawawa. Khansa ya bere nthawi zambiri imayamba choncho, mosapweteka. Akulu, mayi aang'ono, tiyeni tikapimitse mawere, ndiponso khomo la chiberekero, poti khansa imeneyo ndiyo imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse muno mu Zambia ndipo ku kiliniki za boma amapima. Atsikana athu aang'ono alandire katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, akafika kusukulu kwawo, tisawabise.

Akulu (Kabwata), 19:41
Ndipita Lachisanu, popeza mayi aang'ono adzakhala ali pano. Ndakhala ndikuzengereza chifukwa cha mantha, ndisaname.

Amayi aang'ono (Matero), 19:43
Ukabwerako ndipita ine Lolemba.

Amalume (Katete), 20:12
Ndagula tikiti. Ndikwera basi ya m'mamawa Lachitatu, tikaoloka Luangwa ndidzaimba. Ndikufuna Lachinayi ndikalowe nawo m'chipatalamo ndikaone ndi maso anga botolo limeneli, ndikafunsenso adokotala mafunso anga. Kusala ndisala nanu, ndiyambira m'basi momwemo.

Alamu (Kitwe), 20:15
Amalume, inu mumamwa mankhwala a BP, madzi okha muzimwa panjira.

Amalume (Katete), 20:19
Chabwino mkamwana, madzi ndimwa. Wina adzandichingamire pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, nkhuku ziwiri ndi thumba la ufa sindingayende nazo ndekha m'tauni yanuyo.

Mng'ono (Chelstone), 20:20
Ndidzakhala pomwepo, amalume. Mukadzafika pa Chongwe mudzandiimbire.

Mdzukulu (Kabwata), 20:26
Agogo amva kuti mukubwera. Akuti mubweretsenso chitenje chawo chobiriwira chili m'sutikesi pansi pa bedi, ndi Baibulo lawo lakale lija la zilembo zikuluzikulu, ili la pa foni likuwapweteka maso.