Ndimukonzekeretse bwanji mwana wopita ku kampu ya ana ya kutchalitchi?

Mayi a Tadala, Mangochi Boma:
Moni nonse makolo anzanga. Mpingo wathu wakonza kampu ya ana ya masiku asanu patchuthi cha mu Ogasiti, ndipo ana azidzapita m'mawa n'kubwerera madzulo, osagona komweko. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8 ndipo sanaswerepo pakati pa anthu achilendo popanda wachibale. Pandondomeko alembapo kuphunzira Baibulo, kuloweza mavesi, kuimba ndi masewero, koma tsiku lomaliza akuti adzapita nawo kunyanja cha ku Makawa, ndipo zimenezi n'zimene zikundisowetsa tulo chifukwa mwanayu satha kusambira. Ndimulongedzere chiyani, nanga ndimulangize zotani?

Bambo a Madalitso, Koche:
Mayi, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Ine ndakulira m'mbali mwa nyanjayi, ndipo Ogasiti ndi nyengo ya mwera: m'mawa madzi amakhala bata, koma dzuwa likangokwera mafunde amauka mpaka asodzi okhwima amakokera mabwato kumtunda. Musachite manyazi kufunsa atsogoleri kuti akuluakulu otsagana ndi ana adzakhala angati, ndi angati mwa iwo amene amathadi kusambira, komanso ngati adzawerenga ana ponyamuka ndi pobwerera. Akalephera kuyankha momveka, tsiku limenelo mupite nawo nokha kapena mwana akhale pakhomo. Kumbukiraninso likodzo. Nkhono zosunga tizilombo take zimakonda madzi odekha a m'mphepete pamene pali bango ndi udzu, ndipo tizilomboto timalowera pakhungu mwana akungoyenda m'madzi ofika m'mawondo. Magazi mumkodzo amadzaoneka patapita milungu, anthu ataiwala kale za ulendowo, choncho mukadzaona zimenezi mudzathamangire kuchipatala, mankhwala a praziquantel amachiza.

NaBanda, Malindi:
Ine ndimaphunzitsa Sande Sukulu ndipo ndathandizapo pa makampu otere. Chikwama chisalemere: botolo la madzi owiritsa kapena othira klorini lolembedwa dzina lake, kasopo, juzi ya m'mawa, chipewa, kope ndi pensulo, ndi kakamba monga mbatata kapena zitumbuwa ngati chakudya chichedwa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatipweteka kwambiri kuno ku Mangochi, n'chifukwa chake ndimaumirira kuti mwana asamwere botolo la mnzake. Ngati ali ndi mphumu kapena akumwa mankhwala a malungo, muuzeni mphunzitsi pamaso tsiku loyamba, ndipo mutchule dzina la munthu mmodzi yekha womutenga madzulo, kaya ndinu kaya wakabaza amene mumamudziwa.

Chimene makolo ambiri saganizira ndi Baibulo lenilenilo, poti Mabaibulo a Chichewa amasiyana mawu. Chaka china kamtsikana kena kanaloweza vesi kunyumba kuchokera mu Buku Loyera, pamene ife tinkawerenga Buku Lopatulika. Kataimirira kuti kanene, anzake anayamba kukakonza mawu, ndipo kanakhala pansi n'kubisa nkhope m'juzi, osayankhulanso tsiku lonse. Zinandiwawa chifukwa kanali kasanalakwe. Funsiranitu kuti adzagwiritsa ntchito Baibulo liti, muziwerenga naye limenelo madzulo, ndipo mumuuze kuti kuiwala vesi si tchimo. Mumuuzenso mosabisa kuti palibe wamkulu aliyense, ngakhale wa kutchalitchi, woyenera kumutengera kwayekha kapena kumuuza kuti asunge chinsinsi kwa amayi ake.

Mayi a Chifundo, Namwera:
Ndiwonjezere za anansi. Kuno ana athu amasewera ndi anzawo a Chisilamu tsiku ndi tsiku, ndipo mwana akamva za masewero ndi mpunga amafuna kuitana mnzake wapamtima. Wanga anachitadi zimenezo, ine n'kupita kaye kwa makolo a mnzakeyo kukawafotokozera kuti kumeneko amaphunzitsa za Yesu. Anakana mwaulemu, ndinawamvetsa, ndipo mpaka lero timapalana moto. Mumulangize Tadala kuti asanyengerere mnzake popanda makolo kudziwa, ndiponso asakabwereko ndi mawu onyoza mapemphero a ena.

Mayi a Tadala, Mangochi Boma:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakumana ndi amayi otsogolera kampuyo, ndipo andiuza kuti akusowabe makolo otsagana ndi ana kunyanja, choncho ndalembetsa dzina langa. Baibulo akuti ndi Buku Lopatulika, ndiye usiku uno tiyamba ndi Salmo 23, limene adzaloweze tsiku loyamba.