Akufuna kuti mwana wa timu yathu amuvule aone ngati ndi mtsikana, titani?

Mphunzitsi wa zamasewero, Mangochi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa timu yathu ya mpira wamiyendo ya atsikana pali mwana wa zaka 16, mawu ake ndi abesi, pachifuwa palibe kanthu, ndipo mayi ake akuti sanayambe kusamba. Timu yomwe tikumana nayo Loweruka ikuti amayi awiri akamuone kuseri kwa kalasi asanalowe m'bwalo. Malamulo amati chiyani?

Woyimbira mpira:
Aphunzitsi, musalole ngakhale pang'ono. Ameneyo ndi mwana, sanakwane 18, ndipo kumuvula ndi nkhanza. Tabitha Chawinga ananenapo poyera kuti anamuvulapo chonchi kuno kumudzi chifukwa cha maonekedwe basi. Wodandaula alembe kalata kwa oyendetsa mpikisano, masewero achitike, nkhani ikambidwe m'chipinda. Inu tengani chiphaso chobadwira ndi buku lake la kuchipatala.

Dokotala:
Diso silingayeze zimenezi. Koma mtsikana wa zaka 16 amene sanasambepo ayenera kuonedwa, chifukwa cha thanzi lake, osati chifukwa cha mpira. Apite ndi mayi ake ku chipatala chachikulu cha pa Boma, mwana atavomera yekha. Amayamba ndi sikani ya pamimba kuona ngati chiberekero chilipo, kenako magazi, otengedwa m'mawa, kuyeza mahomoni monga testosterone, homoni yachimuna. Zikafunika amawatumiza ku Zomba Central kapena ku Queens.

Zifukwa zimasiyana. Ena ndi kuchepa kwa chakudya pamene akuthamanga kwambiri. Ena ali ndi XX (makromozomu, zinthu za chibadwa, amene akazi ambiri amakhala nawo) koma tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni achimuna ochuluka. Ena ali ndi XY (amene amuna ambiri amakhala nawo) koma thupi lawo silimva testosterone n'komwe, ndiye sapindula nayo. Chonde musamugulire mapilitsi olera kuti mutsitse mahomoni, amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha.

Wophunzitsa othamanga:
Anthu amasokoneza za kusukulu ndi za kunja. Ku World Athletics, bungwe loyendetsa masewero othamanga padziko lonse, mu 2018 anaika malire a testosterone m'magazi a akazi ena, 5 nmol/L, pa mitunda ya 400m mpaka mailo imodzi, n'zomwe zinaletsa Caster Semenya wa ku South Africa pa 800m. Christine Mboma wa ku Namibia anamuchotsa pa 400m, n'kukapata siliva pa 200m ku ma Olympics a ku Tokyo. Mu 2023 anatsitsa kufika 2.5. Kuyambira September 2025 amayeza jini ya SRY, imene nthawi zambiri imapangitsa thupi kukula ngati lachimuna, popala m'kati mwa tsaya kapena potenga magazi, kamodzi pa moyo wonse. Nayonso sinena zonse: ku ma Olympics a ku Atlanta mu 1996 akazi 8 anapezeka nayo, onse analoledwa kupikisana.

Mphunzitsi wa zamasewero, Mangochi:
Zikomo. Nanga zotsatira zikatuluka ndizionetse kwa a timu inayo?

Dokotala:
Ayi, aphunzitsi. Pepalalo ndi la mwana ndi makolo ake. Musalijambule, musalitumize pa WhatsApp. Oyendetsa mpikisano akafuna umboni, dokotala amalemba kalata yaifupi makolo atasayina.