Wophunzira wanga zithunzi zikumutulukira zachimbuuzi, ndimuyambitse pati?

aBanda, Area 25
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya wophunzira wanga. Ndi mwana wa achemwali anga, analemba Fomu 4 chaka chatha, ndipo wakhala nane pa studio miyezi itatu. Zithunzi za pasipoti ndi za ana asukulu panja amajambula bwinobwino. Loweruka ndinamutenga ku ukwati, ndinamupatsa kamera ya Nikon D3200 ndi lenzi yake ija ya 18-55. Ine ndinali ndi akwati kutsogolo, iye ndinamuuza agwire perekani-perekani ndi anthu ovina mu holo. Pa zithunzi pafupifupi 400, zoti n'kupereka kwa eni ukwati sizikufika 40. Manja achimbuuzi, nkhope zachimbuuzi, zina diresi ikuoneka bwino koma nkhope ya mkwatibwi yakuda bii. Mwanayu wakhumudwa, akuti kamera ndi yakale. Ine ntchitoyi ndinaiphunzira ndekha, manja amadziwa koma kufotokoza kumandivuta. Ndimuyambitse pati? Kapena ndingomugulira lenzi ina?

aNachisale, Zomba
Achimwene, musagule kanthu kaye. Sankhani zithunzi zisanu zoipitsitsa, muziike pa kompyuta, mutsegule Properties kenako Details. Chithunzi chilichonse chimasunga manambala ake. Mutiuze shutter (nthawi yomwe kamera imatsegula diso), f (kukula kwa kabowo ka lenzi) ndi ISO (mmene kamera imamvera kuwala), komanso gudumu la pamwamba pa kamera analiika pa chilembo chanji.

aBanda, Area 25
Ndaona. Zitatu zili pa 1/15, ziwiri pa 1/20. Zonse f/5.6, zonse ISO 400. Anaika pa P, pomwe kamera imasankha yokha shutter ndi f.

aNachisale, Zomba
Basi, vuto laoneka, ndipo si ukalamba wa kamera. 1/15 ndiye kuti kamera inatsegula diso kwa nthawi yaitali, moti mayi woponya ndalama dzanja lake layenda kuchoka paphewa kufika m'mbale chithunzi chisanatsekeke. Munthu woima chilili amafuna 1/125. Wovina amafuna 1/250.

Tiwerengere limodzi, chifukwa ndi mmene mudzamufotokozere iyeyo. Kuchoka pa 1/15 timadutsa 1/30, 1/60, 1/125 n'kufika 1/250. Masitepe anayi, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala pakati. Kuwala komwe tataya tiyenera kukubweza kwina. ISO ikachoka pa 400 kupita 800, 1600, 3200, tabweza masitepe atatu. Yachinayi ili pa lenzi. Lenzi imeneyo akaikokera pa 55 kabowo kake sikatseguka kupitirira f/5.6, koma pa 18 kamafika f/3.5. Mwanayo anaima patali n'kumakoka ndi zoom, mwina pochita manyazi kulowa pakati pa anthu. Akanayandikira ndi miyendo, lenzi ili pa 18, ISO pa 3200, akanapeza 1/250 ndi kamera yomweyo.

Funso langa: ISO inakakamira bwanji pa 400 tsiku lonse?

aBanda, Area 25
Ndinamuuza ndine kuti asamapitirire 400, kuopa timadontho tija totuluka pa chithunzi ISO ikakwera. Ndinkanena za pa studio pomwe tili ndi magetsi athu, koma sindinamuuze kuti mu holo nkhani imasintha. Apa ndaona kuti mwanayo anangomvera.

Madala Mwale, Kasungu
Timadontho mwini ukwati sationa n'komwe pa chithunzi cha mainchesi 6 kwa 4. Chimbuuzi amachiona ali pakhomo.

Koma ine maganizo anga ndi ena pa kaphunzitsidwe. Ife tinayamba ndi filimu ya zithunzi 36. Ukadina, ndalama yapita, ndipo cholakwa umachiona patapita masiku filimu itatsukidwa. Ndiye tinkayenda ndi kope, chithunzi chilichonse n'kulemba manambala ake ndi mmene kunja kunalili. Mwanayo muikireni pa M, pomwe manambala onse amasankha yekha, kuyambira mawa, P aiwale. Mutulutseni panja dzuwa likuswa mtengo, ISO 100, f/16, shutter 1/125, aone kuti chithunzi chikutuluka bwino popanda kamera kumuganizira. Kenako alowe pakhonde, apeze yekha chofunika kusintha. Kenako m'nyumba. Mumuuze kuti tsiku lililonse ali ndi zithunzi 36 zokha. Zithunzi 400 za Loweruka zija zikusonyeza kuti chala chikuthamanga kuposa maso.

Phiri wamng'ono, Ndirande
Madala, ulemu wanu, koma pa M pokhapo ndikupemphako kusiyana nanu. Ine amene anandiphunzitsa anandiyambitsa pa M, ndipo miyezi iwiri yoyamba maso anga anali pa manambala basi, anthu osawaona. Mkwati akuseka, ine ndili kalikiliki ndi gudumu la kamera. Zinthu zitatu nthawi imodzi zimamuchulukira woyamba kumene. Bwanji ayambe ndi chimodzi? Aike pa S, asankhe shutter yekha, zinazo kamera imuthandize. Akamvetsa, apite pa A, azisankha f yekha. Pofika pa M adzakhala akudziwa chomwe nambala iliyonse imachita.

Za lenzi aBanda, tsiku lomwe mudzagule samalani. Pamsika wa zakale pamapezeka 50mm f/1.8D yotchipa, koma D3200 ilibe mota ya focus m'thupi mwake, ndiye lenzi imeneyo focus mudzazungulitsa ndi dzanja. Yomwe imayenda yokha ndi yolembedwa AF-S. Komanso pa kamera imeneyo 50 imaoneka ngati 75, mu holo yodzaza mudzasowa pobwerera. 35mm f/1.8G DX ndiye yabwino. Pa f/1.8 kuwala kumalowa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6. Koma ndikugwirizana ndi achemwali aku Zomba kuti si za lero.

Madala Mwale, Kasungu
Mwana wanga, za S ndazimva, sindikukana. Koma za zithunzi 36 ndi kope sindisuntha. Kaya ali pa S kaya pa M, alembe.

aNgozo, Johannesburg
Palibe wayankha za nkhope yakuda ija, ndiye ndilowepo. Kamera ikayeza kuwala imafuna kuti zonse pamodzi zikhale zotuwa pakatikati, osati zoyera osati zakuda. Diresi yoyera ikadzaza chithunzi, kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kuchepetsa. Diresi imatuwa, ndipo khungu lathuli limalowa mumdima. N'chimodzimodzi munthu akaima kumbuyo kuli zenera. Pafupi ndi batani lojambulira pali kabatani ka +/-. Amuonetse kukweza kufika +0.7 kapena +1, kenako ayang'ane nkhope, osati chithunzi chonse. Ayatsenso Highlights kuti diresi ikapsa iziphethira pa sikirini. Maphunziro ambiri a pa YouTube amajambula anthu akhungu loyera, ndiye izi sazitchula kawirikawiri, pomwe kwa ife ndi nkhani ya Loweruka lililonse. Ndipo ajambule RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, osati JPEG yomwe kamera yakonza kale. Nkhope yoda pang'ono pa RAW imabwerera, pa JPEG imabwerera yothimbirira. Ngati pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom mulibe, ina yotchedwa darktable ndi yaulere.

China chaching'ono. Maholo ambiri ali ndi magetsi a machubu, ndipo magetsi akwathu ku Malawi ndi a 50 Hz ngati kuno, ndiye machubuwo amaphethira mwachangu maso osaona. Shutter ikapitirira 1/100 mudzaona chithunzi china chobiriwirako, chotsatira chake chabwinobwino. Asadabwe, si kamera yawonongeka.

Phiri wamng'ono, Ndirande
Nanga fulashi? Imaimitsa wovina ngakhale shutter ili pansi.

aNgozo, Johannesburg
Zoona, bola akumbukire kuti kamera imeneyo ndi fulashi siipitirira 1/200. Koma ine ndikanati fulashi idikire mwezi wachiwiri. Maholo athu ena ndi a malata okhaokha opanda siling'i, kuwala ukakuponya mmwamba sikubwerera. Pamafunika kakhadi koyera ndi kuzolowera. Ayambe wadziwa kuwala komwe kulipo kale.

aNachisale, Zomba
Achimwene aBanda, ndikuuzeni mmene ndinachitira ndi atsikana awiri omwe ndawaphunzitsa, mutengepo zomwe zingakuthandizeni. Sabata yoyamba sindinawapatse kasitomala aliyense. Ndinkawatuma kumsewu madzulo akajambule akabaza akudutsa, njinga imodzi pa 1/30, ina pa 1/125, ina pa 1/500. Kapena ana akusewera fulaye, makolo atavomera. Sabata yachiwiri mabotolo atatu pa tebulo, lina pafupi, lina pakati, lina patali, kusintha f yokha kuti aone lomwe likuoneka bwino ndi lomwe likusungunuka.

Koma phunziro lenileni linali madzulo. Timakhala pa kompyuta, ndimatsegula chithunzi, manambala nditabisa, n'kufunsa kuti apa shutter inali chani, ndipo wadziwa bwanji? Poyamba amangoponya. Pakutha masabata awiri amayang'ana sipoko za njinga n'kunena kuti iyi ndi 1/125. Akafika pamenepo sadzanenanso kuti kamera ndi yakale, chifukwa akaona chimbuuzi pa sikirini amadziwa gudumu loti agwire. Ndipo zithunzi zoipa za Loweruka zija musafufute. Zimenezo ndiye buku lake, adutsemo chimodzichimodzi.

Musanamubwezere ku ukwati, mupempheni wapampando wa kwaya kutchalitchi kwanu kuti mwanayo azikajambula akamaphunzira nyimbo mkati mwa sabata. Mdima wake ndi womwewo, anthu akuyenda ndi kuwomba m'manja, koma akalakwitsa palibe banja lomwe lataya chikumbutso. Zabwinozo awapatse akwaya.

Madala Mwale, Kasungu
Za kwayazo ndazikonda. Ndiwonjezere chimodzi chosafuna batani. Aphunzire kuona kuwala kamera ili m'chikwama. Masana dzuwa lili paliwombo, maso a munthu amalowa m'maenje amdima. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi, koma ayang'ane madontho a dzuwa odutsa m'masamba asagwere pankhope. Pakhonde, munthu atayang'ana kunja, khungu limaoneka bwino kwambiri. Ikadutsa 4 koloko dzuwa limapendekeka n'kufewa, koma kwathu kuno silichedwa kulowa, ndiye zithunzi za akwati panja asamazisiyire kumapeto. Mukamayenda naye mumsika muzimufunsa, kuwala kukuchokera kuti apa? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

aBanda, Area 25
Ndabweranso patatha masabata atatu. Tinachita za akabaza, za mabotolo, ndi kope la Madala. Ku kwaya wapita kanayi. Lachinayi lapitali anajambula 36, ndipo 25 ndi zoti munthu n'kulipira. Anali pa S, 1/250, ISO 3200, ndipo +/- akuigwiritsa yekha osauzidwa. Dzulo ndi iyeyo amene anandionetsa chithunzi changa china n'kunena kuti amalume apa munatsitsa shutter. Zikomo nonse.

Chatsala chimodzi. Pa zoipa za ku kwayazo, zambiri khoma lakumbuyo likuoneka bwino koma woimbayo ayi. Manambala ali bwinobwino.

aNachisale, Zomba
Imeneyo ndi focus, kamera ikusankha yokha poti igwire. Alowe pa AF-area mode achotse Auto-area, aike Single-point. Kamera imeneyo ili ndi timadontho 11 ta focus, ndipo kapakati ndi kamene kamagwira bwino mumdima, ndiye ayambe ndi kameneko, akaike pa diso la munthu. Kwa oyenda kapena ovina aike AF-C, yomwe imatsatira munthu akamasuntha, chala chikhale chitadina theka mpaka ajambule. Lachinayi likubwerali mutitumizire zisanu, zoipa ndi zabwino zomwe, pamodzi ndi manambala ake.