Ma iPSC akungosintha okha, thandizeni akuluakulu

Wa ku Cape Town: Akuluakulu mutu waima kuno. Andikweza kukhala senior mwezi watha ndiye ma iPSC onse (maselo a mu labu otha kusanduka mtundu uliwonse wa maselo a m'thupi) ali m'manja mwanga, koma ma colony (timagulu ta maselowo) akungosintha okha kukhala maselo amtundu wina, m'mphepete maselo akumwazikana ngati ma fibroblast (maselo aatali osongoka), pakati pakumachita bulauni, OCT4 (puloteni yosonyeza kuti maselo sanasinthe) yatsika pa flow (makina oyezera maselo). Bwana akufuna ma cardiomyocyte (maselo a mnofu wa mtima) ochokera ku ma iPSC amenewa mwezi wamawa, anyamata awiri amene ndikuwayang'anira akungolozana chala.

Wa ku Manchester: Achemwali, mycoplasma (tibakiteriya tating'onoting'ono toononga maselo a mu labu) mwayeza? Imeneyo ikalowa, medium (madzi odyetsera maselo) imangooneka yoyera bwinobwino, antibiotic ya pen-strep siimupha poti alibe cell wall, ndipo pa filter ya 0.22 amadutsa. Chotsani antibiotic masiku atatu kenako supernatant (madzi a pamwamba pa maselo) muiyeze pa PCR yofufuza DNA ya mycoplasma.

Wa ku Cape Town: Tayeza kawiri achimwene, mulibe.

Wa ku Edinburgh: Medium yanji, ndipo mumaifunditsa bwanji?

Wa ku Cape Town: E8. Botolo lonse mu water bath ya 37 m'mawa uliwonse, tikadyetsa maselo timabweza mu fuliji.

Wa ku Edinburgh: Eee pamenepo ndi pamene pagona nkhani mwana wanga. FGF2, puloteni ya mu E8 yothandiza kuti maselo asasinthe, siipirira kutentha, pa 37 imatha mphamvu msanga, ndiye botolo lolowa m'madzi otentha tsiku ndi tsiku pofika sabata yachiwiri maselo mukungowapatsa madzi ofiira chabe. Thirani mu chubu yokwanira tsikulo, muisiye pa benchi ichoke kuzizira yokha, ndipo botolo mukasakaniza lisadutse masabata awiri, lembani deti pachivindikiro ndi maka. Ine zinandionekera zomwezi, miyezi iwiri ndikunamizira Matrigel (yopaka pansi pa plate kuti maselo agwirepo).

Wa ku Manchester: Ma plate amene asintha kalewo musalimbane nawo, sungunulani vial ya passage yotsika (maselo amene sanagawidwe kambiri), Y-27632 (mankhwala othandiza kuti maselo asafe) pa 10 µM tsiku loyamba lokha, pogawa maselo muwamatule ndi EDTA ya 0.5 mM, musaphwanye timagulu kwambiri. Karyotype (kuyeza ma chromosome) musaiwale, makamaka kuchulukira kwa kachigawo ka 20q11.21 kumene pa G-banding, njira yozolowereka yoyezera, kumakonda kubisala.

Wa ku Edinburgh: Komanso anyamatawo musawakalipire musanaone SOP (ndondomeko yolembedwa ya kagwiridwe ka ntchito), mwina akungotsata zolembedwa.

Wa ku Cape Town: Ndaitsegula pompano, pa sitepe 2 palembedwa kuti medium ifunde pa 37, zikuoneka kuti anangokopera ya maselo amtundu wina, a HEK293. Anawo alibe mlandu, ndiwapepese mawa chifukwa dzulo ndinawayankhula mokweza. Ndikonza SOP usiku uno, vial ndisungunula Lolemba, ndipo bwana ndiwauza kuti ma cardiomyocyte achedwa. Zikomo kwambiri amayi, ndikutumizirani zithunzi za ma colony Lachisanu.