Tikufuna kubisa ma geocache ku Kanjala, Thandwe ndi Mfuwe: chilolezo tipemphe kwa yani?

Wa ku Kapata

Odi pagulu pano, akuluakulu. Ndife achinyamata asanu ndi awiri a mu Chipata, tayamba masewera a geocaching. Kwa amene simunawamvepo: munthu amabisa kabokosi panja, mkati muli kabuku, n'kuika manambala a malowo pa geocaching.com. Wina amakafuna ndi GPS ya pafoni, akakapeza amalemba dzina m'kabukumo n'kukabwezera momwe kanalili. Tsopano tikufuna kubisa tathu: tiwiri pa phiri la Kanjala, kamodzi pafupi ndi zojambula za pamiyala ku Thandwe, kena mkati mwa paki ya nyama ya South Luangwa chakufupi ndi geti la Mfuwe. Malamulo a masewerawa akuti tikhale ndi chilolezo cha mwini malo. Mwini wake ndani pa malo atatuwa? Mawu a pakamwa akwanira kapena pafunika kalata? Nanga bwana amene sanamvepo za geocaching timufotokozere bwanji kuti asatiyese ofuna migodi? Tithandizeni, sitifuna kuyamba ndi mlandu.

Woperekeza alendo, Mfuwe

Achimwene, ndiyambe ndi ka m'paki chifukwa ndi pamene mungagwe nazo. South Luangwa ili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la nyama zakutchire la 2015. Wa pageti sangakupatseni chilolezo, iye ntchito yake ndi malipiro ndi kulemba magalimoto. Kalata ipite kwa wadeni, mkulu woyang'anira paki, ofesi ili ku Mfuwe konkuno.

Koma za kabokosi musazitchule n'komwe. M'paki mlendo satsika m'galimoto paliponse pamene wafuna, ndipo oyenda pansi amayenda ndi sikauti wa mfuti. Kabokosi ka patsinde pa mtengo kakutanthauza kuti mukuitana munthu atsike, awerame, apise dzanja m'thengo maso ali pafoni, m'malo mmene njati imagona mu udzu osaoneka. Palibe wadeni angasaine zimenezo. Komanso masikauti akamalondera amafunafuna misampha ya waya ndi katundu amene opha nyama mozemba abisa. Akapeza chidebe chobisidwa mwaluso m'phako la mtengo, lipoti limene lilembedwe tsiku limenelo silikhala la masewera. Nyamazo nazo sizingakasiye: nyani amatsegula chivindikiro, fisi amatafuna chidebe chonse, ndipo dzinja likafika pachimake madambo ambiri amamira.

Chimene mungapemphe ndi EarthCache. Iyi ilibe bokosi. Inayamba mu 2004 mogwirizana ndi Geological Society of America. Wofufuza amafika pa manambala, amaona mmene nthaka, miyala kapena madzi zilili, n'kutumiza mayankho a mafunso kwa mwini tsamba la malowo pa geocaching.com. Malo oyenera ndi Luangwa Wafwa, pamene mtsinje unadula njira yachidule n'kusiya chigongono chake chakale chasanduka dziwe lopindika ngati uta. Manambala muike pamsewu pamene magalimoto amaima kale, ndipo funso lililonse likhale loyankhika munthu ali pampando wake: gombe lachiphompho lili mbali iti, mchenga ndi matope zaunjikana mbali iti, chifukwa chiyani. Mzere woyamba wa tsamba unene kuti kutsika n'koletsedwa, malipiro a paki ndi nthawi za geti sizisintha. Wowunika ma EarthCache, amene amavomereza tsamba lisanatuluke, amafuna dzina, udindo ndi nambala ya amene walola, ndiye kalata ya wadeni ikufunikabe.

Mayi wopima malo, Chipata

Ana anga, za Kanjala musayambe ndi kalata, yambani ndi kudziwa malire. Malo a m'mbali mwa tauni sakhala a mwini mmodzi. Pena ndi pa khonsolo, pena pali title ya munthu kapena kampani, pena ndi nkhalango ya boma ya pansi pa Forestry Department, ndipo mukapitirira pang'ono mwalowa m'dziko la amfumu. Tengani manambala a malo awiriwo mupite nawo ku ofesi ya planning ya Chipata City Council, akuonetseni pa mapu kuti agwera pati. Apa pali msampha: foni yanu ndi geocaching.com zimagwiritsa njira yowerengera manambala a malo yotchedwa WGS84, pamene mapu akale a boma ali pa njira ina, ya Arc 1950. Mukayika manambala a pafoni pa mapu akale osasintha, kadontho kanu kamasuntha mamita mazana angapo, mokwanira kukulowetsani m'puloti ya munthu. Nenani pakamwa kuti manambala anu ndi a WGS84.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, m'Chingerezi popeza ipita mu faelo. Ziganizo ziwiri zofotokoza masewerawo, basi. Kenaka manambala, chithunzi cha malo, kukula kwa kabokosi ndi zimene zili mkati, dzina ndi nambala ya munthu mmodzi amene adzayankhe foni, osati "gulu". Lembani zimene mukulonjeza, ndipo zikhale zowerengeka: sitikumba, sitikhomera msomali mumtengo, tidzayendera kamodzi pa miyezi iwiri, ofesi ikati chotsani tichotsa pasanathe masiku atatu. Pemphani chaka chimodzi chokha. Bwana amasaina mosavuta chinthu chimene chili ndi tsiku lothera.

Popita tengani kabokosi kenikeniko, mukakatsegule patebulo pawo, agwire kabuku ndi pensulo ndi manja awo. Aonetseni pafoni mmene tsamba limaonekera. Kenaka apempheni atume munthu mupite naye pamalopo, ndipo iyeyo akaloza mwala wina wosiyana ndi umene munasankha, tengani umene walozawo. Amadziwa pamene madzi a mvula amadutsa ndi pamene moto umayambira chaka ndi chaka. Makope awiri, onse adindidwe, imodzi itsale kwa iwo. Mawu a pakamwa amatha tsiku limene bwanayo wasamutsidwa kupita ku Lundazi, ndipo wobwerayo sadzakudziwani.

Aphunzitsi a ku Katete

Ku Thandwe eni ake ndi awiri, ndipo onse awonedwe. Zojambula za pamiyala ngati za Thandwe, Mkoma ndi Kalemba zimatetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission, koma njira yopitira kumeneko imadutsa m'minda ndi m'midzi ya anthu. Bungwelo likalola, muyambebe mwafika kwa anyakwawa, masana, ndi munthu wa m'mudzimo wokuperekezani. Iwo ndi amene anganene ngati nkhaniyo ifunika kukwera kwa amfumu.

Kumudzi munthu woyenda akuyang'ana kachipangizo, kuima, kujambula, kulemba manambala, amaoneka ngati wabwera kudzapima malo oti alande kapena wofuna miyala ya mtengo wapatali. Kachidebe kobisidwa pansi pa mwala nako ena akakapeza amati ndi chithumwa, ndipo kathera pamoto kapena pabwalo la milandu. Mankhwala ake ndi kutsegula kabokosiko pamaso pa anyakwawa ndi anthu angapo, n'kuwalola alembe maina awo patsamba loyamba. Funsani mwachindunji kumene kuli manda ndi dambwe. Mitengo yowirira pakati pa minda yolimidwa nthawi zambiri ndi manda, ndipo mlendo wochokera kutali amene GPS ikumulozera mzere wowongoka adzadutsa momwemo osadziwa. Patsamba ikani manambala a poimika galimoto ndi a poyambira njira, kuti anthu asadule m'chimanga.

Kabokosi kasakhale m'phanga lenilenilo. Ofufuza amagubuduza miyala ndi kupapasa m'ming'alu, pamene thukuta la m'manja limawononga utoto, ndipo dothi la pansi pa phanga ndi limene akatswiri a zakale amawerengamo mbiri. Kaikeni kunjira, kutali ndi khoma la zojambula, ndipo lembani kuti osakhudza, osathira madzi kuti chithunzi chioneke bwino.

Mnyamata wa pa Saturday Market

Koma akulu, kachidebe ka mafuta odzola kokha mpaka makalata ndi zidindo? Bisani basi. Ndani akwera phiri kukafufuza? Maofesi mudzayenda mpaka nsapato kutha.

Woperekeza alendo, Mfuwe

Ayi achimwene, manambala amakhala pa intaneti poti aliyense aone, ndipo mwini malo akadandaula ku likulu la Geocaching ku Seattle tsamba limatsekedwa. Choipa kwambiri si kutaya kachidebeko. Ofesi imene yadziwa masewerawa kudzera m'dandaulo imakana aliyense wobwera pambuyo, ngakhale amene wabwera ndi kalata yabwino. Kuno maofesi oti mupemphe ndi owerengeka, mukakhumudwitsa imodzi mwatseka chigawo chonse cha malo. Musaiwalenso kuti kunja kwa geti sikuti ndi kopanda mwini: ndi Lupande Game Management Area, kumene kuli mafumu a Akunda monga a Kakumbi ndi a Mnkhanya ndi ma Community Resources Board awo, makomiti a anthu a m'deralo oyang'anira zachilengedwe. Njovu zimadutsanso m'midzi imeneyo.

Wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Ka m'paki tasintha, kakhala EarthCache. Nanga kalata ikakhala mwezi osayankhidwa titani? Ndipo chidebe chotani chingapirire ku Kanjala?

Mayi wopima malo, Chipata

Kukhala chete si kulola. Pakatha milungu iwiri pitani nokha ndi kope yodindidwa ija, mufunse kwa a registry kuti faelo ili pa tebulo la yani. Kawirikawiri kalata yotere imaima chifukwa palibe akudziwa kuti igwera mu dipatimenti iti. Mukapeza munthu mmodzi amene yamusangalatsa, gwirani ameneyo.

Manambala atengeni bwino musanawalembe m'kalata. Pamtetete foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu, koma pansi pa mitengo kapena pambali pa thanthwe imatha kuphonya ndi khumi kapena kuposa. Imani pamalopo mphindi ziwiri manambala akhazikike, lembani, chokanipo, bwererani kuchokera mbali ina, kasanu, tsiku lina mubwerezenso, kenaka mutenge apakati. Manambala olakwika ndi amene amachititsa anthu kupondaponda udzu ndi kutembenuza mwala uliwonse, ndipo ndi zimene mwini malo adzaone. Timabokosi tiwiri ta pa Kanjala titalikirane mamita 161 kapena kuposa, apo ayi wowunika abweza kachiwiriko. Pewaninso mpanda wa sukulu, njanji ya ku Mchinji, nsanja za mafoni ndi chilichonse chakufupi ndi malire a Mwami.

Fundi wa ku Chadiza

Chidebe tengani cha pulasitiki yolimba chokhala ndi labala pachivindikiro ndi zotsekera mbali zinayi, cha theka la lita kapena lita imodzi. Chidebe cha majarini dzuwa la Okutobala limachiumitsa n'kusweka, komanso fungo la chakudya silichoka, makoswe ndi apusi amalitsata. Chitini chimachita dzimbiri dzinja limodzi. Kabuku kakhale m'kapepala ka pulasitiki kotseka, ndi pensulo ziwiri zosongola kale, chifukwa bolopeni imauma kapena kutayikira ndi kutentha. Musakulunge chidebe chonse m'jumbo, jumbo imasunga chinyezi ndipo nyerere zimamangamo. Pachivindikiro lembani ndi penti m'Chinyanja ndi m'Chingerezi kuti ndi masewera, mwini malo analola, ndi nambala yanu ya foni. Chakudya, maswiti, machesi, mpeni ndi mankhwala sizilowamo.

Adani ake pano ndi chiswe ndi moto. Musagoneke chidebe pa dothi kapena pa chitsa chowola, chiswe chimamanga mozungulira ndipo chikapeza mpata kabuku katha. Kaikeni pa mwala wafulati, mwala wina pamwamba. Kuyambira Ogasiti mapiri amapsa, pulasitiki ya mu udzu imasungunuka n'kukhala chibulumwa. Sankhani mng'alu wa pakati pa miyala ikuluikulu pamene udzu sumera, koma wosazama, woti munthu aone mkati asanapise dzanja. Patsamba lembani kuti ayambe agogoda ndi kamtengo chifukwa cha njoka ndi zinkhanira.

Aphunzitsi a ku Katete

Chilolezo chikatuluka musasowe. Chimene woyang'anira malo amafuna ndi anthu omuthandiza maso ndi manja, popeza malo ndi aakulu antchito ndi ochepa. M'masewerawa muli mwambo wa CITO, kutola zinyalala pamalo amene mukusewerapo. Tsiku asankhe iwo, ndipo mugwirizane kale kumene matumba odzadza akatayidwe, chifukwa mulu wa matumba wosiyidwa m'munsi mwa phiri agalu amaumwaza usiku womwewo. Pa miyezi itatu iliyonse atumizireni uthenga waufupi: afika anthu angati, achokera kuti, njira yakumbika pati ndi madzi, mitengo yadulidwa pati. Likulu la Geocaching limapereka akaunti ya Premium yaulere kwa oyang'anira malo, ndiye athandizeni kuipempha kuti aziona okha timabokosi tonse ta m'dera lawo.

Ku Mfuwe, wina akalemba patsamba lanu kuti waona msampha wa waya kapena nyama yovulala pamalo akutiakuti, mupempheni achotse manambalawo pagulu, inu muwatumize kwa wadeni tsiku lomwelo. Ndipo mvula ikatseka msewu wa ku Luangwa Wafwa, kapena ofesi ikatseka njira ya paphiri nthawi ya moto, imitsani tsamba lanu kwakanthawi, mulembepo chifukwa chake ndi mwezi umene mudzalitsegulenso.