Lantana wa mumphika: kodi angapirire chisanu cha ku UK n'kudzaphukanso?

Wofunsa (Leeds): Moni nonse pagulu. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za maluwa. Ndili ndi lantana awiri m'miphika ya pulasitiki ya masentimita 30, ali panja pakhonde. Achita maluwa kuyambira Juni, koma pano Okutobala walowa, usiku kwayamba kuzizira ndipo masamba ena asanduka achikasu. Kwathu lantana ndi nkhutukumve, amangomera yekha m'mipanda ndi m'mbali mwa msewu. Nanga kuno angafike chaka chamawa ali panja? Malo amene ndili nawo ndi galaja ya zenera limodzi, ndi pabalaza pafupi ndi hita.

NaBanda (Nottingham): Achemwali, panja ayi. Lantana kwawo ndi kumadera otentha a ku Central ndi South America. Kuzizira kukafika pa 0°C masamba amapsa n'kuda, kukatsika kuposa apo nthambi zimafa. Wobzalidwa pansi nthawi zina amapulumuka kumadera ofundirako chifukwa nthaka imafunditsa mizu, koma wa mumphika chisanu chimamulowa mbali zonse, dothi lonse n'kuundana. Onjezani mvula ya kuno yosaleka: mizu yozizira ndiponso yonyowa imaola msanga. Mulowetseni usiku ukayamba kutsika pansi pa 10°C, musadikire frost (chisanu choundanitsa mame) yoyamba.

Phiri (Glasgow): Kodi kungomukulunga ndi fleece ya m'dimba ija, nsalu yopyapyala yofunditsa zomera, sikungakwane?

NaBanda (Nottingham): Fleece imathandiza usiku umodzi kapena uwiri, a Phiri, chisanu chikabwera modzidzimutsa. Miyezi isanu singathe, ndipo siletsa dothi kunyowa.

Mwale (Reading): Pa malo awiri mwatchulawo, mayi, sankhani galaja, bola mkati musamaundane. Gulani thermometer yosonyeza kuzizira kwa usiku, muiike pafupi ndi miphika. Mukufuna 7°C mpaka 12°C. Pamenepo chomera chimagona, sichikula koma sichifa. Galaja ikamatsika pansi pa 5°C, apezereni chipinda chozizirirako m'nyumba, pazenera lowala.

Pabalaza pali vuto lake. Hita imauza chomera kuti chizikula pamene dzuwa la Disembala ndi lochepa. Zotsatira zake ndi tinthambi tatitali tofooka, totuwa, ndipo mpweya wouma umaitana akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa tomato, ndi whitefly, tizilombo toyera touluka mukagwedeza nthambi.

Musanalowetse, dulirani nthambi zonse, muchotse gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake. Thotholani maluwa otsala ndi zipatso. Tembenuzani masamba muone kunsi, ndiko kumabisala tizilombo, ndipo atsukeni ndi madzi kapena kupopera sopo wophera tizilombo wogulitsidwa m'masitolo a zomera. Tolani masamba ogwera pamphika chifukwa ndi amene amayambitsa nkhungu. Mphika usakhale pasimenti penipeni, uikeni pathabwa, ndipo kambale kolandira madzi kaja mukachotse. Valani magolovesi, masamba ake amayabwa anthu ena.

Pamene ambiri amaphera lantana ndi pothirira. Chomera chogona, chopanda masamba, sichimwa madzi. Pisani chala m'dothi masentimita 5. Mukamva chinyezi, siyani. Likauma, thirani kapu imodzi yokha, mwina kamodzi pa masabata atatu kapena anayi. Feteleza ayi mpaka Epulo.

Wofunsa (Leeds): Zikomo kwambiri a Mwale. Nanga masamba akayoyoka onse, ndidzadziwa bwanji kuti sanafe?

Mwale (Reading): Kuyoyoka ayoyoka ndithu, musade nkhawa. Kandani khungwa ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira, ali moyo. Mukakhala mouma mofiirira, tsikani mukande mmunsi, mpaka patsinde. Nsonga zimafa kawirikawiri koma tsinde lili bwino. Chizindikiro choipa ndi tsinde lofewa, lakuda, ndi dothi lonunkha.

Chakumapeto kwa Marichi dulani nthambi zitsale masentimita 10 mpaka 15, pamwamba pa mfundo. Osamumvera chisoni, maluwa amabwera pa nthambi zatsopano. Muzuleni, kutumulani dothi lakale, dulani mizu yakuda, mubzalenso m'kompositi yatsopano: magawo atatu a John Innes No. 2 (kompositi ya dothi yogulitsidwa m'masitolo a zomera) ndi gawo limodzi la perlite (timibulu toyera topepuka) kapena timiyala, kuti madzi azidutsa. Ngati mizu yadzaza, mphika ukule pang'ono chabe, chifukwa waukulu kwambiri umasunga madzi. Kenako muikeni pazenera lotentha, la dzuwa, muziwonjezera madzi pamene mphukira zikuoneka.

Ndipo lezani mtima. Lantana amachedwa kudzuka. Maluwa ena onse akhoza kuphuka iye adakali ndodo. Musamutaye Meyi asanathe.

NaBanda (Nottingham): Kutulutsanso kusakhale kwa tsiku limodzi. Pakati pa Meyi muzimutulutsa masana, poyamba pamthunzi, n'kumulowetsa madzulo, kwa masiku 10 mpaka 14. Agone panja kumapeto kwa Meyi, a ku Scotland adikire Juni. Akayamba kukula, feteleza wamadzi wa tomato pa masabata awiri alionse. Wa nayitrojeni wambiri amangobereketsa masamba.

Chisale (Johannesburg): Abale a ku South Africa amene mukuwerenga, malangizowa si anu. Kuno Lantana camara ali pa Category 1b ya zomera zowononga chilengedwe, ndiye kubzala, kugulitsa kapena kugawira ena n'kuphwanya lamulo. Mbalame zimafesa njere zake paliponse, ndipo amapha ng'ombe zikadya masamba, amawononga chiwindi. Ku UK chisanu chimamuletsa kufalikira, koma poizoni ndi yemweyo. Zipatso zosapsa zija zikhale kutali ndi ana ndi agalu, makamaka pano akulowa m'nyumba.

Wofunsa (Leeds): Ndamva. Kodi ndingadule tinthambi tobzala kuti akafa ndisataye mbewu?

Mwale (Reading): Nthawi yake yabwino inali Ogasiti ndi Seputembala, koma yesani lero lomwe ndi zimene mudulirezo. Sankhani nsonga zopanda maluwa za masentimita 8 mpaka 10, dulani mmunsi mwa mfundo, chotsani masamba a pansi, zikani m'kompositi yosakaniza theka ndi theka ndi perlite. Vundikirani ndi pepala la pulasitiki loonekera, muzilivundukula tsiku ndi tsiku kuti mpweya ulowe. Izi zokha zikhale m'nyumba mofunda, cha pa 20°C, osati m'galaja. Mizu imatenga mwezi kapena kupitirira, ndipo dulani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa mu Okutobala sizigwira zonse.